Oak Ridge Boys sanalowerere, anachita kukankhidwa

Mkangano uwu sukalamba. Woimba yemwe tinamuzolowera ndi nyimbo zauzimu akangotulutsa nyimbo imodzi yachikondi, kapena akaoneka pansanja limodzi ndi anzake oimba zachikunja, pa Facebook pamabuka moto. Ena amati walowerera, ena amati ndalama zamuzunguza mutu, ndipo salephera kupezeka wina wotikumbutsa kuti munthu sangatumikire ambuye awiri. Omuikira kumbuyo nawo amabwera ndi zawo, kulimbana mpaka usiku, m'mawa mwake aliyense ali pomwe anaima dzulo. Chimene chimanditopetsa n'chakuti timagamula mlandu woimbayo asanayende n'komwe ulendo wake, ndiye palibe amene angapezeke wolakwa kapena wolondola. N'chifukwa chake ndafuna tione nkhani ya anthu omwe anayenda kale njira imeneyi mpaka kumapeto. Awa ndi amuna anayi a ku America otchedwa The Oak Ridge Boys, omwe anachoka ku nyimbo zauzimu n'kulowa m'nyimbo za country mu 1977, atanenedwa zonse zomwe timanena ife lero. Ine ndili mbali yawo. Sanalakwe, ndipo sanagulitse chikhulupiriro. Omwe ankawanena kuti athawa ndi omwe anayamba kuwakankhira kunja, ndipo luso lomwe linawakweza kunjako ndi lomwelo anaphunzira paguwa.

Tidziwe kaye kumene gululi linachokera, chifukwa pomwepo pagona kale yankho lina. Oak Ridge ndi dzina la tauni ya m'chigawo cha Tennessee yomwe boma la America linamanga mwachinsinsi mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Inali yotchingidwa ndi mpanda, pazipata pali alonda, ndipo ambiri mwa anthu zikwizikwi ogwira ntchito kumeneko sankadziwa kuti akuyenga uranium ya bomba lomwe linadzaponyedwa ku Hiroshima mu 1945. Anthu otsekeredwa chonchi amafuna chowaiwalitsa kutopa, ndiye ankaitanitsa oimba kuchokera ku Knoxville, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Mmodzi mwa oitanidwawo anali Wally Fowler ndi gulu lake la Georgia Clodhoppers, lomwe linali la country koma linkaimbanso zauzimu za mawu anayi. Kuchokera pamenepo kunabadwa Oak Ridge Quartet, yomwe mu 1961 inasintha dzina kukhala Oak Ridge Boys chifukwa loyambalo linkamveka lachikale. Tsono taonani apa: gulu lomwe anthu anadzalilira kuti ladetsedwa ndi country linabadwa m'mimba mwa country momwemo, ndipo omwe linayamba kuwaimbira anali antchito a zida za nkhondo. Mpanda womwe timauyesa wa njerwa pakati pa nyimbo ziwirizi, kumeneko unali wa bango kuyambira kale. Holo ya Ryman ku Nashville, momwe pologalamu yotchuka ya country ya Grand Ole Opry inkachitikira Loweruka lililonse, inamangidwa mu 1892 ngati nyumba yolalikiramo, ndipo Fowler yemweyu ankachititsa momwemo mchezo wa nyimbo zauzimu kuyambira mu 1948.

Amuna anayi omwe dziko linadzawadziwa analowa mmodzimmodzi, gululi litasintha kale anthu kambirimbiri. William Lee Golden wa ku Brewton, Alabama, analowa mu 1965 kuimba baritoni. Chaka chotsatira kunabwera Duane Allen wa ku Texas, yemwe anali ataphunzira nyimbo ku yunivesite, n'kukhala wotsogolera. Richard Sterban wa ku New Jersey anatenga besi mu 1972, ndipo Joe Bonsall wa ku Philadelphia anatseka mzere mu 1973 ndi tena. Pofika nthawi imeneyi gululi silinali lamasewera pa zauzimu. Linali litalandira kale Grammy, mphoto yaikulu ya oimba ku America, mu 1971 komanso mphoto zingapo za Dove, zomwe zimapita kwa oimba zauzimu okhaokha. Akanangokhala phee n'kumavala masuti ofanana monga anzawo, mwina kuno sitikanawamva n'komwe. Koma iwo anayamba kusunga tsitsi lalitali, kuvala monga ankavalira achinyamata a nthawiyo, ndipo anakweza pansanja bandi yathunthu ya magitala ndi madiramu, pomwe mwambo unali wakuti kwateti iziimba ndi piyano basi. Mawu a nyimbo anali omwewo a Yesu ndi kumwamba. Chinasintha ndi zovala ndi kulira kwa zida. Izi zokha zinakwanira kuti anthu ena azinyamuka pakati pa nyimbo n'kutuluka, ndipo okonza zoimbaimba zauzimu ena anasiya kuwaitana. Mfundo imeneyi isatidutse, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pomwepa: mlandu wa kulowerera unayamba iwo akuimbabe za Mulungu.

Zimenezi sindivutika kuziona m'maganizo, pakuti nanenso ndinaimbako baritoni mu kwateti ya kumpingo ndili mnyamata. Tinkakumana Lachinayi madzulo kuseri kwa tchalitchi, anayi kuzungulira kabuku kamodzi kothothoka chikuto. Wotsogolera ankang'ung'udza kaye kiyi, aliyense n'kutseka khutu limodzi ndi chala kuti adzimve yekha, kenako n'kulitsegula kuti amve mnzake. Mzere umodzi tinkaubwereza kakhumi, mpaka mawu anayi agwirane n'kumamveka ngati pali wachisanu yemwe sakuoneka. Tsiku lina tinabwereka kiyibodi yokhala ndi kabatani ka madiramu, ati tikometse. Ndime yachiwiri sitinaimalize. Mkulu wina wa mpingo anaimirira atachita tsinya n'kunena kuti, "Ana inu, muno si m'bala." Nyimboyo inali yomwe iwo ankaikonda kuposa zonse, ndipo sabata yapitayo anali atatiyamikira nayo. Sindikuwaseka ayi. Anali munthu wabwino, woteteza chomwe ankachiona kuti n'chopatulika. Kungoti lero m'tchalitchi chomwecho kiyibodi imalira ndi madiramu ake sabata ndi sabata, akuluakulu ampingo ali kutsogolo kuomba m'manja.

Tibwere tsono ku zomwe otsutsa amanena, ndipo tiyambe ndi chofala kwambiri, chakuti anatsata ndalama. Mfundoyi ndi yomveka ndipo sindiikana yonse. Msika wa country unali waukulu kuposa wa zauzimu, ndipo amuna anayiwa anali ndi mabanja, oimba zida ofuna malipiro, ndi basi yofuna mafuta. Koma amene amati anathamangira chuma sanaone zaka zomwe zinadutsa pakati. Mu 1973 anasainirana ndi kampani ya Columbia, yomwe inawatulutsira zimbale zitatu, ndipo palibe chomwe chinayenda malonda. Kwa a zauzimu anali achikunja kwambiri, kwa mawailesi a country anali atchalitchi kwambiri. Anasanduka mleme, mbalame zikumukana, mbewa nazo zikumukana. Pofika mu 1975 ngongole zinali zitawafika m'khosi moti ankalingalira zothetsa gulu. Anawagwira dzanja ndi katswiri wa country Johnny Cash, yemwe anawatenga kuti azikamutsegulira zoimba ku Las Vegas n'kuwalipira zoposa mtengo wawo. Malinga ndi mmene eni ake akhala akufotokozera, Cash anawaitanira m'chipinda chake n'kuwauza kuti pakati pa anayiwo pali chinachake chomwe dziko silidzachidziwa ngati agwa mphwayi. Munthu wotsata ndalama sapirira zaka zinayi zotere. Ndipo ngati umboni umenewu ukuchepa, tengani wa Sterban. Asanalowe gululi ankaimba m'gulu la J. D. Sumner and the Stamps, lomwe linkavomera nyimbo kumbuyo kwa Elvis Presley. Anatsika pansanja ya woimba yemwe dziko lonse linkamudziwa n'kupita ku kwateti ya zauzimu, komwe posakhalitsa anadzagawana nawo njala. Wadyera uti amayenda ulendo wolowera kumeneko?

Komanso tingovomera kuti ndalama zinalimo m'maganizo awo, cholakwika n'chiyani? Kalipentala wa mumpingo amakhoma mabenchi a tchalitchi Lolemba, Lachiwiri akhoma bedi la akwati, Lachitatu bokosi la maliro, Lachinayi mashelefu a golosale, ndipo palibe amamufunsa ngati walowerera. Namwino wachikhristu sabaya jakisoni akhristu okha. Ndi woimba yekha yemwe timafuna kuti luso lake lithere paguwa, komanso kuti alipereke ulere. Ife a kwateti tinkapalasa njinga kukaimba kumisonkhano ndi kumaukwati, malipiro ake botolo la Fanta, banzi, ndi mawu akuti Ambuye akudalitseni. Tinali anyamata odyera kwa makolo ndiye sizinkatipweteka. Koma wa besi wathu, yemwe mawu ake ankanjenjemeretsa malata, atangokwatira anayamba geni ya kaunjika, ndipo sanaimbenso kulikonse, kaya zauzimu kaya zadziko. Chinamuchotsa paguwa ndi lendi ya nyumba. Za iyeyo palibe analemba pa Facebook, chifukwa woimba wongosiya mwakachetechete satipweteka m'maso ngati wopita kukaimba kwina.

Mfundo yachiwiri ndi yolemerako, ndipo iyenera kuyankhidwa mofatsa. Otsutsa amati: chabwino, asinthe zida, adye thukuta lawo, koma taonani nyimbo yomwe analowera nayo. Ndipo n'zoona. Atachoka ku Columbia n'kulowa ku kampani ya ABC/Dot, manijala wawo ali Jim Halsey, wowajambula ali Ron Chancey, nyimbo yawo yoyamba kugunda mu 1977 inali "Y'all Come Back Saloon", ndipo saloon ndi bala. Inafika pa nambala 3 pamndandanda wa magazini ya Billboard wa nyimbo za country. Kwa munthu yemwe chaka chapitacho anawamva akuimba za kutsidya kwa Yordano, kumva dzina la bala pakamwa pomwepo kunali ngati kuombedwa mbama, ndipo ndikumumvetsa. Komabe nyimbo siiweruzidwa ndi mutu wake wokha. Imeneyi siitanira munthu kukamwa. Ikukamba za mayi woimba m'balamo ali ndi maseche m'manja, ndi bambo wina wosungulumwa yemwe amangopempha nyimbo yomweyomweyo ya chikondi chomwe chinatha. Ina ya m'chimbale chomwecho, "I'll Be True to You", yomwe inawapatsa nambala 1 yawo yoyamba mu 1978, ndi ya mkazi wosunga lonjezo kwa mwamuna wosasamala, mwamunayo n'kudzazindikira madzi atafika kale m'khosi. Izi ndi nkhani zomwe mbusa aliyense amazipeza zitakhala pakhonde pake Lolemba m'mawa. Ngati mbusa amaloledwa kuzimva ndi kuzilalikira, n'chifukwa chiyani woimba asaloledwe kuziimba? Ife tomwe umboni tili nawo m'nyumba. Akuluakulu ambiri omwe amadzudzula oimba athu ndi omwewo anasunga makaseti a Jim Reeves, yemwe ankaimba zachikondi ndi zauzimu ndi mawu amodzimodziwo, ndipo sindinamvepo wina akumutcha wolowerera. Mwina poti anali wakutali.

Pali kanthu kenanso komwe kamasokoneza malire amenewa, ndipo ine kamandisangalatsa. Grammy yawo yachiwiri ya zauzimu, ya mu 1975, anailandira ndi "The Baptism of Jesse Taylor", nkhani ya chidakwa chovutitsa banja ndi mudzi chomwe chinabatizidwa mumtsinje, eni mabala n'kutaya kasitomala. Mmodzi mwa olemba nyimboyi anali Dallas Frazier. Frazier yemweyu ndi amene analemba "Elvira", nyimbo yanthabwala yomwe otsutsa amailoza ngati chizindikiro chakuti anyamatawa anatsikira pansi, ndipo pambuyo pake anasiya kulemba nyimbo n'kukhala mlaliki. Dzanja ndi limodzi, bala likutchulidwa kuno ndi uko, ndiye mpanda tiuzike pati? Onjezani apo kuti kumayambiriro kwa 1978, nyimbo ya bala ija ikulirabe m'mawailesi, analandira Grammy yawo yachinayi ya zauzimu. Zauzimu sanazisiye pansanja, ndipo anapitiriza kuzijambula. Chinasintha n'chakuti tsopano ankaziimbira anthu omwe ena mwa iwo sakanaponda n'komwe pakhomo la tchalitchi.

Otsutsa ena sachokera kumpingo. Awa amati tisakulitse nkhani, anangochita mwayi ndi kanyimbo kamodzi kopanda mutu, basi. Amakumbutsa mawu omwe Halsey ankawauza, akuti atsala ndi mphindi zitatu zokha kuti atchuke, kutanthauza kutalika kwa nyimbo imodzi yogunda, ndiye amati mphindi zitatu zikanatha kugwera wina aliyense. Mwayi unalipo, sindikana. Koma khomo lomwe analowera linali lopapatiza. Gulu la Statler Brothers, lomwe nalo linayambira m'tchalitchi ku Staunton, Virginia, n'kukulira m'manja mwa Johnny Cash, linali litatenga mphoto ya bungwe la Country Music Association ya gulu loimba bwino zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 1972 mpaka 1977, ndipo zinkaoneka ngati malo a kwateti mu country ndi amodzi okha, mwini wake alipo kale. Mu 1978 mphotoyo inapita kwa Oak Ridge Boys, "Elvira" isanabwere n'komwe. Ndipo "Elvira" yomweyo sinali nyimbo yatsopano. Frazier anaijambula yekha mu 1966, dzinalo atalitenga pa chikwangwani cha msewu wina ku Nashville. Kenny Rogers ndi gulu lake la First Edition anaijambula mu 1970, Rodney Crowell mu 1978. Onsewa ndi akatakwe, koma palibe anaifikitsa patali. Inakhala zaka 15 ikudutsa m'manja mwa anthu. Mu 1981 itafika kwa anayiwa inatenga nambala 1 pa country, nambala 5 pamndandanda wa nyimbo zonse, inagulidwa makope oposa 1 miliyoni, n'kutenganso Grammy. Ngati mwayi unali m'nyimbomo, bwanji sunagwere enawo?

Yankho lili m'kaimbidwe, ndipo apa ndi pomwe mtima wa nkhani yanga uli. Aliyense yemwe anaimbako mu kwateti akaimvetsera amazindikira msanga kumene inasulidwa. Bonsall akutsogolera ndi tena yake yowala, atatu enawo akumulandira pakolasi mawu atagwirana zolimba, kenako onse akupatuka kusiyira Sterban, yemwe amatsika yekha pansi penipeni ndi timawu topanda tanthauzo. Chakumapeto akukweza kiyi, kolasi yomweyo n'kubwerera ili pamwamba, anthu akudikira kuti besi atsikenso. Zimenezi ndi nzeru za mchezo wa nyimbo zauzimu, kumene magulu ambiri amaimba motsatizana usiku wonse ndipo gulu lililonse liyenera kudzutsa anthu omwe ayamba kusinza. Kumeneko ndi komwe munthu amaphunzira kuti besi umusunge kaye, anthu amulakelake, kenako umumasule pamzere umodzi holo yonse ikuwe. Ife tinkachita zomwezo ndi wa kaunjika uja, ndipo amayi akumbuyo ankaimba nthungululu asanamalize n'komwe mzere wake. Luso lotere silibwera m'mphindi zitatu. Golden ndi Allen anali ataimba limodzi zaka zoposa khumi nyimbo ya bala ija isanatuluke. Umboni wina ndi wa anthu omwe analimva lusoli dzina lisanamveke. Mu 1976 anapita ndi woimba country Roy Clark ku Soviet Union kukaimbira anthu a chilankhulo china. Mu 1977 woimba wotchuka Paul Simon, yemwe akanatha kuitana oimba ena alionse, anatenga iwowa kuti amuvomere mu "Slip Slidin' Away". Choncho amene akuti mpingo unataya ana ake aonenso mbali iyi: kaimbidwe ka mpingo kanafika m'magalimoto, m'makhichini ndi m'mabwalo a mpira a dziko lonse la America, katakwera pamsana pa nyimbo yanthabwala.

Yatsala mfundo imodzi, ndipo ndi yomwe ndimailemekeza kuposa zonse, chifukwa imachokera kwa anthu omwe samuda woimbayo koma amamuopera. Iwo amati njira imeneyi ndi yoterera. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Lero ndi nyimbo yachikondi yaulemu, mawa ndi ina, ndipo kutchuka kuli ndi mano. Apa sindinama kuti Oak Ridge Boys anadutsa osakandika. Atafika pamwamba anayamba kusemphana okhaokha. Golden anali atasiya kumeta ndevu ndi tsitsi, akuvala ngati munthu wa kumapiri, akujambulanso chimbale chakechake, ndipo mu 1987 anzake atatu anamuchotsa, m'malo mwake n'kuikamo Steve Sanders yemwe ankaimba gitala m'bandi yawo. Nkhani inafika mpaka kukhoti. Sindingabise kuti apa pali chondiseketsa chowawa: anthu omwe anakankhidwa kunja chifukwa cha tsitsi anadzakankha mnzawo, tsitsi lili chimodzi mwa zifukwa. Zikuonetsa kuti mtima wotchinga mpanda sukhala m'tchalitchi mokha. Koma n'chifukwa chomwecho mfundoyi siigwetsa mlandu wanga. Kukangana, nsanje ndi kugawikana sizidikira kuti munthu ayambe waimba country. Ndani mwa ife sanaonepo kwaya itagawikana pawiri chifukwa cha ndalama za yunifomu, kapena chifukwa cha yemwe azitsogolera nyimbo pa tsiku lalikulu? Kuterera kulipo mbali zonse ziwiri za mpanda, ndipo woimba yemwe watsekeredwa chitseko kumbuyo ndi amene amagwa kwambiri, poti alibe kobwerera.

Pachifukwa chimenechi, pamene mkangano ubukanso pa woimba wathu wina, ine funso langa silikhala lakuti nyimboyo yaikidwa m'thumba liti. Ndimafuna kumva zomwe ikunena. Zilipo nyimbo zotchedwa zadziko zomwe sindingalole mwana wanga kuimba, ndipo woimba wochokera kumpingo akaimba zotere ndidzamudzudzula pamodzi ndi ena onse. Zilipo zina zotchedwa zauzimu zomwe mkati mwake muli kunyoza adani, kudzitama ndi galimoto, ndi kuopseza oyandikana nawo nyumba, dzina la Yesu langopachikidwa pamwamba ngati chikwangwani. Nyimbo yolimbikitsa mwamuna kukonda mkazi wake, kapena yolira ndi wosiyidwa, ine ndimaiona kuti ili pafupi ndi guwa kuposa zimenezo. Buku lomwelo lomwe timatengamo vesi la ambuye awiri lili ndi Nyimbo ya Solomo, ndipo sitinaing'ambemo.

Za anayi aja, Golden anabwerera m'gululi kumayambiriro kwa 1996, ndevu zili zomwezo, ndipo anaimbanso limodzi zaka pafupifupi 28 mpaka matenda atamukhazika pansi Bonsall, yemwe anamwalira pa 9 July 2024. Mu 2000 bungwe la Gospel Music Association, lomwe limapereka mphoto za Dove, linawalowetsa m'kaundula wa akatswiri osaiwalika a nyimbo zauzimu. A country ndi omwe anachedwa: Grand Ole Opry inawalandira ngati mamembala mu 2011, ndipo Country Music Hall of Fame mu 2015. Pa 6 December 2018, m'tchalitchi cha St. Martin's ku Houston, pamaliro a mtsogoleri wakale wa America a George H. W. Bush, omwe anali bwenzi lawo kwa zaka zambiri, anayiwa anaimirira kutsogolo kwa mpingo. Bonsall anaseketsa kaye olira powauza kuti malemuwo ankadziyesa odziwa besi koma sankaitha. Kenako anaimba "Amazing Grace", popanda gitala, popanda madiramu, mawu anayi okha monga tinkachitira ife kuseri kwa tchalitchi. Tsitsi la Golden linali litayera, lotalika kuposa lomwe linkatulutsa anthu m'maholo cha m'ma 1970, ndevu zitafika pachifuwa. Tsiku limenelo palibe anatuluka.